Nyali ya Che Amidu

Ana inu, taikani pansi botolo ilo. Osati apo pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, Agnesi. Kaliike uko, patsinde pa mpapaya. Eya. Tsopano bwerani mukhale pamkekapa, dzuwa likadali pamutu, katundu wanu mumanga ndikatha. Ndamva kuti mawa sukulu yanu ikupita kukagona kuphiri masiku atatu, ndipo Dalitso wandiuza chifuwa chili patsogolo kuti nyali azikayatsa ndi iyeyo. Iwe amene dzana unapsa chala pootcha chimanga n'kulira mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Khala pansi, mdzukulu wanga, umve za ulendo woyamba umene ine ndinatenga ana a eni ake kukagona nawo kutchire.

Ife pokula, mdima unali mdima. Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri la Chiradzulu, basi ntchito ya maso yatha. Mayi anga akafuna kusaka kanthu m'nyumba ankasenda nsatsi n'kuzitunga pa kamtengo ngati mikanda. Ukayatsa yapamwamba, moto unkatsika pang'onopang'ono, nsatsi imodzi kuyatsa inzake, utsi uli tolotolo, maso akuyabwa. Kutuluka panja tinkamanga muuni wa udzu, ndipo mphepo ikauzima pakati pa njira unkangoyenda ndi mapazi, kufufuza pamene padutsa anzako. Inu lero mukudandaula kuti galasi la nyali lada, simukuona bwino zilembo.

Nyali yoyamba ndinaiona pa Njuli, pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba. Ndinali wamng'ono kuposa Agnesi. Tinapita ndi mayi kukasinthitsa nandolo ndi mchere, ndiye tinachedwa. Chisisira chitagwa tinamva nyimbo ya amtengatenga, anthu onyamula mzungu pa machila. Patsogolo pawo pankathamanga munthu atagwira moto m'manja, moto wosampsereza, mphepo ikuomba koma wosazima. Mayi anandikokera m'tchire n'kunditseka maso. Kumudzi tinakafotokoza kuti taona mfiti yolembedwa ntchito ndi mzungu. Musaseke kwambiri, nanunso adzukulu anu adzakusekani pa zina.

Nditasinkhuka ndinabwerera pa Njuli pomwepo kukagwira ntchito kwa Che Amidu. Anali Myao, Msilamu, wamalonda amene makolo ake anafika kuno agogo anga akadali anyamata. Ankagulitsa nsalu, mchere, mikanda, singano, ndipo pambuyo pake palafini wa m'zitini zikuluzikulu. Munthu wamtali, wosakonda kuseka, mkanjo wake woyera nthawi zonse ngakhale m'dzinja matope ali paliponse. Anali ndi nyali yakeyake yokhala ndi galasi ndi chogwirira cha waya, ndipo kuisamala inali ntchito yanga.

Anandiphunzitsa mmene mayi amaphunzitsira mwana wamkazi kupeta. Mafuta umathira masana, panja, nyali ili yozima ndi yozizira, ndipo sudzaza mpaka pakamwa. Akatayikira pambali, upukute ndi kansanza, usambe m'manja, ndiye uyatse. Chingwe uchidule mofanana kuti chisafuke, galasi ulipukute mwaye ndi phulusa losefa. Tsiku lina anandipeza ndikuweramira chitini cha palafini nyali yoyaka ili pambali panga. Sanandimenye. Anangoinyamula n'kukaiika kutali, n'kubwera kudzaima patsogolo panga.

"Yonasi," anatero, "chitini ichi ndi nyali iyo ndi pachibale, koma ndi abale osakhalira pamodzi. Ukawakumanitsa, maliro ake ndi ako."

Ndinakhala nawo zaka zitatu. Madzulo ndinkaphunzira zilembo kwa mnyamata wina wa ku mishoni, ndipo pamapeto pake amishoni ananditenga, kundiphunzitsa, n'kunditumiza ku Mauwa kuti ndikakhale mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi. Ndevu zinali zitangoyamba kumera. Sukulu yake musaganize ngati yanuyi. Chinali chinyumba cha mitengo ndi dothi, ana kukhala pa zipika, sileti imodzi kugwirizana atatu. Lamulungu nyumba yomweyo inkasanduka tchalitchi.

Mkulu wa mpingo pamenepo anali a Chimpeni. Munthu wamfupi, wa mawu aakulu, amene akayamba nyimbo ngakhale mbuzi zinkasiya kudya. Ndiwo anapempha kuti sukulu ibwere m'mudzimo, ndiwo anadula mtengo woyamba, ndipo chilichonse chochitika pasukulupo chinkadzera kwa iwo. Chinanso n'chakuti anali atsibweni ake a mtsikana wina dzina lake Esinati, mlongo wa mayi ake, mwini mbumba. Inde, Agnesi, anganga anu omwewa akusenda nandolo apowa n'kumachita ngati sakumva. Nthawi imeneyo ndinali nditatumiza kale mawu kwa a Chimpeni, ndipo yankho lawo linali lakuti, "Timuone kaye mnyamatayo." Miyezi inayi anali akundionabe.

Chaka chimenecho mphepo inasasula denga la sukulu. Udzu wabwino kufupi kunalibe, chifukwa anthu anali atachuluka, Alomwe ambiri akubwera kuchokera kutsidya, aliyense akufolera nyumba yake. Tinamva kuti ku dambo lina cha ku Mikolongwe kuli tsekera wautali kuposa munthu. Tinapangana kuti ana okulirapo apite akamwete masiku atatu, amange mitolo, ndipo makolo adzabwere tsiku lachinayi kudzasenza. Ana anali khumi ndi anayi. Wotsogolera ndine, a Chimpeni kutiperekeza monga wamkulu, Esinati kuyang'anira atsikana ndi kuphika.

Mwa anawo munali Saidi, mwana wa Che Amidu. Bambo ake anamutumiza kwa azakhali ake ku Mauwa kuti aphunzire kuwerengera ndi kulemba, ndipo anachita zimenezi chifukwa mphunzitsi ndinali ine. Abale awo ambiri anawadzudzula kuti akupereka mwana kwa Akhristu. A Chimpeni nawonso sankakondwa kuona kamnyamata ka kofia pakati pa ana a mpingo. Akulu awiriwa akakumana panjira ankangopatukirana, moni wake wa pakhosi.

Ndinapita ku Njuli kukapempha kuti Saidi apite nawo. Che Amidu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyali ija, pamodzi ndi botolo la palafini lotseka ndi chitsononkho.

"Kumeneko kuli afisi, ndipo mwana akadwala usiku muuni sukuthandizani," anatero. "Tengani, aphunzitsi. Koma ndikupatsani zinthu ziwiri, mwana ndi nyali. Nyaliyi igwiridwe ndi dzanja lanu lokha. Isalowe mumsasa. Ipachikeni panja, pamtengo wake, kutali ndi udzu. Mukamagona muzime."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti aphunzitsi. Ndinalandira ndi manja awiri n'kulonjeza.

Tinanyamuka m'mamawa mwezi wozizira uja anthu atatha kukolola. Kamba wathu anali makaka a chinangwa, mbatata, ufa wa mapira ndi mphika wa kalongonda wophikaphika kale, uja amati ukamuphika mwaulesi amaledzeretsa. Inu mwagula buledi ndi shuga, ndaona. Ife shuga tinkamumva m'nkhani. Ana ankaimba njira yonse, zenga zomwetera udzu zili pamapewa, ine nyali ili kumanja, botolo ndalimangirira m'chiuno kuti pasapezeke mwana woliyesa la madzi. N'chifukwa chake ndakukalipira poyamba paja, Agnesi. Mwana wa ludzu safunsa.

Titafika tinamanga misasa itatu, wa anyamata, wa atsikana, ndi kakang'ono ka a Chimpeni. Ndinadula mphanda yolimba n'kuizika pakati pa bwalo, ndipo tinapalira udzu wonse kuzungulira mphandayo mpaka dothi kuonekera, mapazi asanu mbali zonse. Ndinajambula mzere ndi khasu n'kuuza ana kuti wodumpha mzerewu mawa adya mbatata yosasenda. Botolo ndinakalikwirira theka m'dothi kuseri kwa chulu, kutali ndi moto wophikira.

Madzulo a tsiku loyambalo kunagwa chiperoni. Mukuchidziwa, kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa, nkhungu kutsika mpaka osaona mnzako ali potero. Ana anayamba kunjenjemera, mano kugundana. Mabulangete analipo atatu okha, ena onse nsalu zawo zomwezo.

A Chimpeni anabwera pamene ndinaima. "Yonasi, tsitsa nyaliyo uilowetse mumsasa wa anyamata. Atsikana nawonso alowe momwemo kaye, titseke pakhomo ndi mitolo, afundidwe. Tiimbe nyimbo ziwiri."

Ndinayang'ana msasawo. Denga lake ine ndinkalowa choweramira, udzu pansi, udzu m'mbali, udzu pamwamba, khomo limodzi. Ana khumi ndi anayi opalasa miyendo.

"Bambo," ndinatero, "nyaliyi mumsasa siilowa."

Anaganiza kuti sindinamve bwino, ndiye anabwereza mokweza. Ana onse anasiya zimene ankachita. Ndinagwira manja kumbuyo monga mwa ulemu n'kufotokoza kuti mwana mmodzi akangoigunda ndi phazi, palibe angatuluke, ndiponso kuti nyali yoyaka m'malo otseka imadya mpweya, ana angadzuke mitu ikuwawa, kapena osadzuka n'komwe. Ndinati tikoleze moto waukulu pabwalo, aothe mpaka afundidwe, kenaka agone mothithikana.

"Ndiye kuti mawu a wamalonda wa ku Njuli aposa anga?" anafunsa.

"Sanapose, bambo. Koma ndinalonjeza, ndipo ngakhale ndikanapanda kulonjeza, sindikanailowetsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ndi ameneyu akufuna kulowa m'mbumba mwanga," anatero, osati kwa ine koma kwa mphepo. Anakalowa m'kamsasa kawo osadya. Esinati anali pamoto akutakasa mphika, ndipo sanadzutse mutu. Ine mumtima ndinati basi, ukwati wapita ndi chiperoni. Komabe tinakoleza moto, ana anaotha, tinawagoneka, ndinazima nyali n'kuisiya pamphanda pake.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa nkhani ikafika pa kulakwa kwa mwini wake anthu ambiri amaithamangitsa. Ine sindithamanga.

Tsiku lachiwiri tinamweta udzu wambiri. Mitolo inaunjikana pafupi ndi msasa wa anyamata, mulu kutalika kundiposa. Ndinatanganidwa ndi kumanga luzi, kunola zenga, kuchotsa minga m'mapazi mwa ana, ndipo dzuwa linapendeka ndisanathire mafuta m'nyali. Ndinakumbuka, ndithu ndinakumbuka, koma ndinaigwedeza n'kumva kuti muli otsala, ndiye ndinati afika. Ulesi wa kamphindi kamodzi.

Dzuwa litangolowa nkhungu inabweranso. Powerenga ana kuti adye, ndinapeza khumi ndi awiri. Atsikana awiri aang'ono anapita kumtsinje kukatsuka miphika ndipo sanabwere. Kunali kusanade kwenikweni, njira inkaoneka pafupi ndi mapazi, koma patali ayi. Ndinaganiza kuti ndikatenga nyali, otsalawo akhala mumdima, ndipo ifenso pobwerera tisowa cholozera. Ndiye ndinaiyatsa, kuipachika pamphanda, n'kuuza onse kuti asaikhudze, ikhale ngati nyenyezi yotiitana. Ndinathamangira kumtsinje.

Atsikanawo ndinawapeza atasochera pang'ono kumunsi, atakumbatirana pansi pa mkuyu, miphika ili m'manja. Tinayamba kubwerera, maso anga ali pa kadontho kachikasu kaja m'nkhungu. Ndinaona kakuchepa, kakufiira, ngati kakufuna kuzima. Kenaka mwadzidzidzi nkhungu yonse inayera, ndipo ndinamva ana akukuwa.

Zimene zinachitika anandifotokozera pambuyo pake anganga anuwa. Mafuta atatha, lawi linayamba kutsika. A Chimpeni anatuluka n'kuona kuti nyali ikuzima pamene ine ndi ana awiri tili m'tchire. Sanachite mwamwano, ana inu, musawaweruze. Anaopa kuti tisochera. Anatuma mnyamata kukafukula botolo, anatsitsa nyali pamphanda, n'kupita nayo pakhomo pa msasa wa anyamata pamene panalibe mphepo. Esinati anati, "Atsibweni, muzime kaye, izizire." Iwo anati ikazima aphunzitsi aona chiyani. Anatsegula pothirira nyali ikuyaka, yotentha, manja akunjenjemera ndi chisanu. Mafuta anatayikira pa nyali ponse, pa dzanja, pa mkono wa malaya. Poipendeketsa kuti aone pakamwa pake, moto unatuluka n'kugwira zonsezo nthawi imodzi. Anaponya botolo, linagwera pa udzu woyala pakhomo.

Saidi anali pafupi. Mwana wochangamuka, anatenga mtsuko n'kukhuthulira madzi pamotopo. Koma palafini samira, amayandama. Moto unakwera pamwamba pa madziwo n'kuyenda nawo molunjika kumulu wa mitolo.

Pamene ndinkafika, Esinati anali atagwetsa kale atsibweni ake pansi n'kukulunga mkono wawo ndi chiguduli chonyowa chimene tinkavindikira ufa. Mtsikana amene sanayankhepo mkuluyo maso ali m'mwamba, anali atawagwada pachifuwa, akukanikiza chigudulicho ndi manja onse awiri, uku akuuza ana kuti, "Madzi ayi. Dothi."

Ndinaitana ana onse kuti athamangire pachulu, mbali imene mphepo inkachokera, ndipo ndinawawerenga ndi dzanja pamutu, mmodzimmodzi. Khumi ndi atatu. Ndinawerenganso. Khumi ndi atatu. Wosowayo anali Saidi. Ndinamupeza kuseri kwa msasa woyakawo akukoka mitolo yekha, akulira, akuti moto wafalikira chifukwa cha iye. Tsitsi lake la patsogolo linali litawauka. Ndinamunyamula ngati thumba n'kukamuponya pachulu. Ndiye ndinatenga anyamata anayi akuluakulu, awiri kukoka mitolo imene moto unali usanafike, awiri ndi ine kukumba dothi ndi makasu n'kumaponya m'mphepete mwa moto. Msasa tinausiya upse. Chiperoni chimene tinkachitukwana dzulo lake ndicho chinatithandiza, chifukwa tchire lozungulira linali lonyowa ndipo moto sunalowe m'dambo. Kukanakhala kouma, sindikudziwa kuti tikanathawira kuti ndi ana onsewo.

Moto utazima tinatsikira ndi a Chimpeni kumtsinje, muuni uli m'manja, n'kuviika mkonowo m'madzi ozizira nthawi yaitali. Khungu la kuseri kwa dzanja linali litasupuka. Sanabuule ngakhale kamodzi. Anangofunsa kuti, "Ana onse alipo?" Ndinati alipo. Anatinso, "Wa Che Amidu uja?" Ndinati alipo, tsitsi lokha. Anatseka maso.

M'mawa ndinatuma anyamata awiri kukaitana makolo. Ena anasenza mitolo yotsala, yomwe inakwanira theka la denga, ena anaperekeza a Chimpeni ku chipatala cha amishoni. Nyali ndinaitola m'phulusa, yakuda bii, galasi litasweka, waya atapindika.

Patapita sabata ndinamanga ulendo wa ku Njuli, Saidi patsogolo, chigoba cha nyali m'manja. Ndisananyamuke ndinaona a Chimpeni akubwera, mkono uli m'nsalu yokoloweka m'khosi.

"Ndipita nawo," anatero.

"Bambo, ndi kutali, ndipo bala silinapole."

"Miyendo sinapse."

Tinanyamuka atatu. Che Amidu tinawapeza pakhonde pa sitolo yawo. Mbiri inali itawafika kale. Anagwira mwana wawo kumutu, kusisita pamene tsitsi linawauka, kumutembenuza uku ndi uku, n'kumuuza kuti alowe kwa mayi ake. Ndiye anandiyang'ana. Ndinaika nyali pansi patsogolo pawo n'kunena zoona zokhazokha, kuti sindinathire mafuta masana monga anandiphunzitsira, ndipo ndinaisiya ikuyaka ine palibe.

"Munalonjeza dzanja lanu lokha," anatero.

"Ndinalonjeza."

A Chimpeni anatsokomola n'kusendera patsogolo. Pakhondepo panali anthu ogula, amayi ndi madengu awo, ndipo onse anatchera khutu.

"Che Amidu, dzanja limene linagwira nyali yanu ndi ili," anatero, akukweza mkono womangidwawo. "Mnyamatayu usiku woyamba anandikaniza kuilowetsa mumsasa, pamaso pa ana, ine n'kukwiya. Akanandimvera, bwenzi lero tikulira maliro khumi ndi anayi, a mwana wanu pamodzi. Usiku wachiwiri iye kulibe, ndinachita zanga. Mlandu ukhale pa ine."

Che Amidu anayang'ana mkonowo. Kenaka anaitana mkazi wawo kuti abweretse mpando. Osati mkeka, mpando, umodzi wokhawo umene unali m'nyumbamo. Anawakhazika a Chimpeni, iwo n'kukhala pansi pambali pawo, n'kufunsa kuti achipatala apakapo chiyani. Anayamba kukambirana za mabala, za mankhwala, za mvula, ine nditaima potero ngati mlendo. Pomaliza ananditembenukira.

"Aphunzitsi, Lolemba Saidi abwerera kusukulu. Koma mwaona tsopano kuti ngozi siyamba pamene moto wabuka. Inayamba masana, pamene munagwedeza nyali n'kunena kuti afika."

Mawu amenewo andiyendetsa zaka zonse za uphunzitsi wanga. Ndatenga ana maulendo ambiri, kukamweta udzu, kukadula nsungwi kuphiri, kupita nawo ku mayeso ku mishoni, kugona panjira. Palibe mwana anapsapo ngakhale chikhadabo. Si mwayi ayi. Dzuwa likafika pamutu, kaya kuli ntchito yotani, ndinkasiya zonse n'kukhala pansi ndi nyali. Ndipo ndinkasankha munthu wachiwiri wamkulu n'kumuphunzitsa zonse tisananyamuke, kuti ine ndikachokapo pasakhale wongoyesa. Ndiye iwe Dalitso, mawa ukawauze aphunzitsi ako kuti agogo akuti woyatsa akhale wamkulu, mafuta athiridwe masana, nyali igone panja yozima. Akakuseka, abwere adzandifunse. Iwe ntchito yako ikhale kupukuta galasi, imeneyonso ndi ntchito yaulemu.

Dzanja la a Chimpeni linapola, koma zala ziwiri zinakhala zopinda, khasu osaligwira bwino. Mvula itayandikira ndinkati ndikaweruka kusukulu ndinkapita kumunda kwawo kukagalauza mizere. Sanandipemphe, sanandithokoze. Ankangokhala pamthunzi n'kumandiuza kuti mzere wakhota. Za Esinati sindinatchulenso. Ndinkaona ngati mwayi umenewo ndinautentha ndekha kawiri, poyamba powachititsa manyazi, kachiwiri powasiyira nyali yopanda mafuta.

Chimanga chitafika m'mawondo, a Chimpeni anatuma mwana kukaitana atsibweni anga. Anasonkhana pabwalo pawo, abale a mbali zonse, ine nditakhala kumbuyo mutu uli pansi. M'bale wina wa Esinati, amene ankafuna kuti mtsikanayo akwatiwe ndi kapitawo wa ku munda wa mzungu, anaimirira n'kunena kuti mphunzitsiyu ndi wamwano, mudzi wonse ukudziwa kuti anayankha mwini mbumba pamaso pa ana. Anthu anang'ung'udza movomereza.

A Chimpeni anadikira mpaka phokoso litatha. "Zoona, anandiyankha," anatero. "Pamudzi pano nonsenu mumandiopa. Ndikanena kuti mbuzi iyi ndi nkhosa, mumati inde bambo, ubweya wake ndi umenewo. Ine ndikukalamba, ndipo tsiku lina ndidzalamulanso chinthu chopusa. Ndikufuna pakhomo pano pakhale munthu mmodzi wondikaniza." Anatembenukira kumene kunakhala amayi. "Ndipotu alipo awiri. Winayo anandigwetsa pansi n'kundigwada pachifuwa. Atengane, asavutitse anthu ena."

Anganga anu amati iwo sanagwade pachifuwa, anangogwira phewa. Ine sindinalipo pamene ankawagwetsa, koma mmene ndinawapezera ndi mmene ndakuuziranimu, ndipo pa zaka zonse takhala limodzizi sindinayesepo kuwatsutsa kawiri pa nkhani imodzi. Dzukani tsopano, kamangeni katundu wanu kusanade.